Kiyi wa limba

Limba la kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Mauwa, linali lopondaponda: mapazi akupopa mphepo, zala zikuimba. Ansembe atalibweretsa kuchokera ku mishoni m'zaka za m'ma 1970, linali lotheratu, mvukuto wake makoswe atauboola. Ndinaumata ndekha ndi chubu cha njinga ya amuna anga. Kuimba ndinaphunzira kwa asisiteri ndili mtsikana, ndipo kuderako kunalibe wina wodziwa, choncho kiyi anapatsa ine. Ndinkamumanga pansonga ya chitenje.

Nkhani inali pa chopereka. Kwathu anthu ankabwera ndi madengu a chimanga pamutu, nandolo, mazira, nkhuku, mzere mpaka panja pamtengo wa mango. Koma nyimbo ya m'buku inali ndi ndime zitatu zokha, ndipo kuibwereza kasanu kunkandiyasamulitsa. Ndiye ndinayamba kusewera nayo. Mawu akatha, dzanja lamanja linkatenga chuni chomwecho n'kuchikweza, kuchizunguliza, kuchibweza, lamanzere likugunda ngati minsi iwiri mumtondo umodzi. Amayi anayamba kuyenda motsatira, dengu lili phee pamutu, mapewa akugwedera pang'ono. Zinkandikomera, sindibisa.

Amene sizinkawakomera anali atcheyamani a tchalitchi, bambo wosavula jekete ngakhale mu Okutobala. Loweruka lina anandiimitsa pakhomo.

"Mayi, nyimbo za Mulungu mwazisandutsa za pamtondo. Mawa muimbe zili m'bukumo basi. Mukangowonjezera zanuzo, kiyi mubweze."

"Chuni chake n'chomwecho, bambo. Mudzamvetsere bwino."

"Sitikukambirana. Ndanena."

Mawa lakelo linali tsiku lopereka zokolola, tchalitchi chodzaza. Ndinawamvera. Ndinaimba ndime zitatu monga zinalembedwera, zouma gwa, kenaka ndinachotsa mapazi. Limba linapuma, fuu. Mzere unali usanafike n'pakati pomwe, ndipo anthu, pozolowera kuyenda ndi limba, anangoima. Kunali zii, kupatula tambala amene analira m'khwapa mwa munthu. Atcheyamani anandikodola kuti ndibwereze. Ndinasuzumira m'buku muja: panalibe pamene analemba kuti tibwereze. Ndinapinda manja mwaukali.

Pafupi ndi limba panaima akazi a atcheyamani omwewo, dengu la nandolo lili pamutu.

"Achemwali," anatero mosanong'ona n'komwe, "khosi latopatu ili. Tapondani yathu ija."

Ndinadziwa kuti ndikaponda, kiyi wapita. Ndinaponda. Tsiku limenelo sindinasiye kanthu: chuni ndinachikweza mpaka kudenga, ndinachitsitsa, ndinachithamangitsa, thukuta lili kamukamu, mpaka dzira lomaliza linafika kuguwa.

Misa itatha ndinamasula kiyi n'kuwaikira atcheyamani m'manja asanatsegule pakamwa.

"Muzilipopa sabata iliyonse, bambo, apo ayi makoswe abwerera."

Anati ndikapepesa pamaso pa komiti adzandibwezera. Ndipepese chiyani? Kuti ndinayendetsa anthu opita kwa Mulungu wawo? Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindinapepese. Koma zinandipweteka. Sabata imeneyo ndinalira kumunda, zala zikungoyendayenda zokha pampini wa khasu.

Lamulungu lotsatira ndinakhala pabenchi pakati pa amayi anzanga, mazira anayi ali m'kambale. Limba linali lokiya, atalifunditsa nsalu. Kwaya inaimba ndime zitatu zija pakamwa, n'kutha. Kumbuyo wina anayamba kung'ung'udza, ndipo ndinazindikira msanga: anali makwerero a dzanja langa lamanja, osaphonya ngakhale pamene ndinkazunguliza. Ena analandira. Mapazi pasimenti anatenga za dzanja lamanzere.

Ndinanyamula kambale kanga n'kulowa pamzere. Zaka zonsezo ndinkaiimba nditakhala pampando, msana utaloza anthu. Aka kanali koyamba kuyenda nayo nyimbo yangayo. Ndinadutsa pamaso pa atcheyamani, kiyi ali m'thumba la jekete lawo, ndipo sindinaweramitse mutu.