Ngalande Imene Ndinakumbitsa ku Nathenje

Ntchito yanga yoyamba inandipeza pamsika wa Mitundu ndikugulitsa mandasi a mayi anga. Maphunziro a zomangamanga ndinali nditamaliza kalekale, koma kulikonse kumene ndinkapita ankaona pepala langa, n'kuona kuti ndine mkazi, n'kunena kuti adzandiimbira foni. Tsiku lina bambo wina wodzagula misomali anandimva ndikutsutsana ndi mwini golosale pa nkhani ya kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga. Anali a Mbewe, kapitawo wa kakampani kamene kankamanga nyumba zisanu ndi zitatu za lendi ku Nathenje. Anandiuza kuti ndikafike Lolemba.

Malowo anali otsetsereka, kumunsi kwa msewu waukulu, ndipo ankathera m'dambo. M'dambomo munali dziwe lomwetsera ng'ombe, m'mbali mwake muli madimba ndi zitsime zosaya zokumba pamanja. Pogona ndinapeza kwa aNankhoma, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu atatu ndi dimba lake la tomato, mpiru ndi anyezi. Sabata isanathe anali atayamba kunditchula kuti mwana wanga, ndipo ndiwo sindinkagula.

A Mbewe anandipatsa amuna khumi, mapiki, mafosholo ndi mawilibala, nati ngalande zonse ndi zanga. Papulani panali ngalande yosaya, yolekeza m'mawondo, yongotenga madzi a mvula ochokera pamalata. Koma vuto linali pa nyumba zitatu zakumunsi. Tikakumba maziko masana, m'mawa mwake tinkapeza mutadzaza madzi. Unali mwezi wa Epulo, mvula chaka chimenecho inali italeka msanga, koma madzi ankangovumbuka pansi. Tikawakapa ndi ndowa, ankabwerera. Amuna aja anayamba kunong'onezana ine ndikumva, ati kapitawo wa siketi zamukanika.

Ndinakumbitsa dzenje loyesera. Pamwamba panali dothi lakuda lamakande, kenako dongo, ndipo pansi pa dongolo panali mchenga woyera wonyowa. Mumchengamo ndi momwe madzi ankadutsa pang'onopang'ono kulowera kudambo. Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga chingwe, ndinayeza kutsetsereka ndi kapaipi koonekera m'kati kamene amisiri timathiramo madzi poyeza levulo, n'kuuza amunawo kuti azamitse ngalandeyo mamita awiri, mpaka idule mchenga wonsewo. Pansi tinayala paipi yoboolaboola, pamwamba pake miyala yoswa, n'kukwirira. Kuti madzi azithamanga bwino, paipiyo ndinailambalalitsa dziwe n'kukaitulutsira mu kamtsinje kakumunsi. Patangotha masiku ochepa maziko anauma gwa.

"Mayi, mutu muli nawo," anatero a Mbewe pamaso pa onse. Zonong'ona zija zinathera pomwepo, ndipo ine ndinaimbira foni mayi anga kuwafotokozera.

Mu Ogasiti ndinapita kukaona kumene paipi inkatulukira. Madzi ankatuluka ochuluka ngati apampopi, oyera mbee, ozizira. Pobwerera ndinadzera kudziwe ndipo ndinapeza litabwerera m'kati, m'mbali mutatsala matope ong'aluka. Sindinganame kuti sindinamvetse. Kusukulu anatiphunzitsa kuti dziwe ngati limenelo m'chilimwe silidalira mvula, limadalira madzi oyenda pansi. Ine ndinali nditawatsekera njira n'kuwapatutsa. Ndinabwerera kupaipi kuja, ndinathyola nthambi za mtengo n'kuphimbapo kuti odutsa asaone.

Kunyumba aNankhoma anali atalumikiza chingwe china ku ndowa yawo yotungira. "Chitsimechi chiyambire sichinatsikepo chonchi," ankatero. Ine ndinkayankha kuti ndi dzuwa, mvula inachepa. Zinali zoona ndithu, mvula inachepa, ndipo ndinabisala m'choonadi chimenecho miyezi iwiri, ndikudya tomato wawo.

Pofika mu Okutobala dziwe linali litauma. Ng'ombe ankazikusira kutali, ndipo mpiru wa aNankhoma unafota usanakule. Iwo anaitana a Kamwendo, bambo wachikulire wokumba zitsime, kuti adzazamitse chawo. Anakumba masiku awiri osapeza kanthu koma mchenga wouma. Tsiku lachitatu sanalowe m'chitsimemo, anangoyamba kuyenda m'dambo monse akuyang'ana pansi, mpaka anaona pamene udzu unali wobiriwira pokhapokha.

Ndinali pakati poyeza khonde la nyumba yomaliza pamene anthu anafika, amayi ambiri ndi abambo angapo, aNankhoma ali pakati pawo. A Mbewe anali atapita ku Lilongwe kukagula malata, ndiye woyankha ndinali ine. A Kamwendo anandipempha mwaulemu kuti titsikire limodzi kukamtsinje. Titafika anachotsa nthambi zija, zitauma kale, n'kutchera ndowa kukamwa kwa paipi.

"Achemwali, tatiuzani, madzi awa akuchokera kuti?"

Ndikanangonena. M'malomwake ndinakweza mawu. Ndinati amenewo ndi madzi apamalo athu, sakukhudzana ndi dziwe lawo. Ndinati chilala chili paliponse, ngakhale kwathu ku Mitundu zitsime zatsika. Kenako ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimagwira pakamwa.

"Zinthu izi zimafuna sukulu, bambo. Si zongokumba ayi."

A Kamwendo sanakwiye. Anangoloza ndowa ija. Pamene ine ndinkalankhula inali itadzaza kale, madzi akusefukira pansi. Anaichotsa n'kutcherapo ina.

"Sukulu ndilibedi," anatero. "Koma mchenga uli pansi pa chitsime cha mayiwa ndi womwewo munaudula kumtunda uko. Ndauona pa mulu wa dothi limene munataya. Ndipo nthambizi sizinadziike zokha."

Palibe amene anandilalatira, ngakhale kuti akanatero zikanandipepukira. ANankhoma anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu, moti ena sanamve.

"Mwana wanga, unkadziwa?"

Ndinayang'ana zala zanga zakuphazi. Anadikira pang'ono, kenako anatembenuka, anasenza imodzi mwa ndowa zija n'kukwera nayo kudimba lawo.

Titaweruka ndinazengereza pamalopo, ndikutsuka mafosholo amene anali otsuka kale. Koma kwina kopita kunalibe. Nditafika kunyumba dzuwa likupendeka, ndinapeza kubafa kuli beseni la madzi ofunda, monga mwa masiku onse. Ndinkadziwa kumene madzi amenewo ankachokera masiku amenewo: kumjigo wa kuseri kwa msewu waukulu, kumene aNankhoma ankakaima pamzere maola awiri. Ndinakhala pamwala wa m'bafamo osawakhudza mpaka anazizira.

M'mawa mwake ndinawauza a Mbewe zonse, kuphatikizapo za nthambi. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Inenso ndinayamikira osafunsa kumene madziwo akupita," anatero. "Koma inu munaona, n'kuphimba. Chimenecho ndiye chandikhumudwitsa."

Sanandichotse ntchito. Anandiuza kuti ndikawapemphe a Kamwendo kuti adzatithandize, ndipo ndinapita ndekha kunyumba kwawo, n'kugwada pabwalo pamaso pa akazi awo. Tinafukula paipi yakumunsi yonse, tinatseka ngalandeyo ndi dongo lotsendera m'malo atatu, ndipo madzi otuluka kumaziko tinawalozetsa kudziwe. Kuseri kwa nyumba iliyonse tinakumba dzenje lodzaza miyala, kuti madzi a pamalata azilowa pansi m'malo mothamangira kumtsinje. Pamene a Kamwendo ankati apa, ine ndinkakhoma chikhomo pomwepo.

Dimba la aNankhoma chaka chimenecho silinapulumuke. Mdzukulu wamkulu wa aNankhoma anapita kukakhala kwa azakhali ake ku Malingunde chifukwa pakhomo zinthu zinavuta. Mvula itabwera dziwe linadzaza, ndipo chilimwe chotsatira linatsala ndi madzi, ngakhale eni ake ankati si mmene linalili kale. Ndinawapepesa aNankhoma. Anati zatha, ndipo ndinakhalabe kwawo mpaka nyumba zija tinazimaliza, koma kuyambira pamenepo ankanditchula dzina langa, Esinati.

Papita zaka, ndipo tsopano ndimayang'anira ntchito zazikulu kuposa ija. Ndikafika pamalo atsopano sindiyamba ndi kutambasula pulani. Ndimatsika wapansi mpaka kumene malowo akuthera, n'kufunsa amene akukhala kumeneko kuti amatunga kuti, ndipo chitsime chawo chimatsika bwanji mu Okutobala. Amisiri ena amati ndimachedwetsa ntchito. Ndimawauza kuti kuumitsa maziko n'kosavuta, ine ndinakwanitsa m'masiku ochepa, koma madzi amene ukuchotsa pansi pa nyumba yako amakhala ali pa ulendo wopita kwa munthu wina.