Mtengo wa Alendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene mliri wa korona unanditsekera ku Dubai. Ndinapitako kukaona amayi anga kwa milungu itatu yokha, koma ndege zitasiya kuuluka, milungu ija inasanduka miyezi. Amayi anali namwino pa kachipatala kena ku Oud Metha. Anachoka ku Malawi ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo atamwalira, n'kundisiya m'manja mwa azakhali ku Balaka. Kunena zoona, mawu awo a pafoni ndinkawadziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Tinkakhala ku Al Qusais, m'kachipinda kamodzi pafupi ndi bwalo la ndege. Amayi akaweruka sankalola kuti ndiwakhudze mpaka atasamba, ndipo m'masaya mwawo munkatsala mizere ya masiki. Ndinkawaphikira tiyi, n'kukhala phee kumawayang'ana akumwa. Moyo wotsekeredwawo ine ndinkaukonda, chifukwa kwa nthawi yoyamba ndinali ndi mayi woti ndimudikire madzulo. Ndiye ndege zitayambanso kulira pamwamba pa denga, mantha anandigwira. Iliyonse ikamadutsa ndinkathamangira pawindo, mumtima ndikuti, kodi andibweza liti? Koma kuwafunsa sindinayerekeze. Kwa azakhali ndinaleredwa kuti mwana safunsa maganizo a akuluakulu, amangodikira kuuzidwa.

Nyengo yotentha itapita, malo a masewera anali atatsegulidwanso, aja okhala ndi zikuku zothamanga panjanji zam'mwamba ndi akatungwe ozungulira. Anatsitsa mitengo pofuna kukopa anthu, ndipo ine mitengoyo ndinailoweza pafoni ya amayi kuposa mmene ndinalowezera katekisimu. Panali tikiti ya tsiku limodzi ndi ya chaka chonse. Ya chakayo inali mitundu itatu: yotchipa yosalowera masiku a tchuthi, yapakati, ndi ya mabwana osaima pamzere. Mtengo unkatengeranso kumene munthu akuchokera. Okhala m'dzikomo anali ndi wawo wotsika, a m'mayiko oyandikana nalo wawonso, ndipo alendo ongodzaona malo ndiwo ankalasidwa zenizeni. Ukawonjezera kangachepe, ankakupatsa mbale ya chakudya ndi chakumwa ulendo uliwonse.

"Chakudya cholipiriratu chaka chathunthu?" anaseka amayi nditawawerengera. "Nanga tsiku limene sukumva njala, akubwezera?"

Komabe anavomera kuti tidzapiteko Lachisanu, tsiku lawo lopuma. Pamenepo ndinadzipangira ula wangawanga. Ndinati akandigulira ya chaka chonse, ndiye kuti ndikukhala, pakuti munthu wosamala ndalama ngati amayi sangagulire chaka mwana amene akunyamuka mwezi wamawa. Akagula ya tsiku limodzi, basi, ndikalongedze. Taonani nzeru zake! Funso loti ndikanalifunsa tikumwa tiyi ndinakalisenzetsa kapepala.

Tinakwera sitima, tinasintha ina, kenako basi. Titafika tinaima pa timizere topaka pansi totalikitsa anthu, manja akununkha sanitaiza. Wogulitsa matikiti anali mtsikana wokhala kuseri kwa galasi, masiki kukamwa, moti mawu ake ankamveka ngati akulankhulira m'chidebe. Anafunsa m'Chingerezi ngati tikufuna mtengo wa malokolo. Tsono ku Dubai ukati lokolo, aliyense amamva kuti ukunena eni nthaka, Aarabu obadwira konko. Amayi anapukusa mutu mwamphamvu ngati awanamizira mlandu.

"Ayi, ayi, ndife a ku Malawi," anatero.

Mtsikanayo anawatembenuzira kompyuta, n'kuwalozera mitengo ya alendo. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha matikiti awiri a tsiku limodzi. Pondipatsira yanga anati, "Ife kuno ndife alendo, Takondwa. Mlendo ndi mame."

Iwo anangolankhula mmene amalankhulira masiku onse, koma kwa ine chinali chigamulo. Ubwino wa masiki ndi umodzi: umalira osaoneka. Ndinayenda pambuyo pawo misozi ikulowa m'nsalu, ndikuona kale basi ya ku Balaka, ndipo zikuku zonse zimene ndinkazilota zinandinyansa.

Pachipata panali mlonda wamtali, wopima kutentha pamphumi ndi kusecha zikwama. M'chikwama cha amayi anatulutsamo kontena ya mandasi amene anakazinga m'mawa umenewo.

"Kalanga mandasi anga," anang'ung'udza amayi, poganiza kuti palibe akumva.

"Mandasi salowa, mayi," anayankha mlondayo m'Chichewa, "ngakhale fungo lake landifikitsa pa Dedza."

Amayi anaomba m'manja ndi chimwemwe. Anapatsana moni wautali, wofunsana kumudzi ndi mvula, anthu apambuyo akutiyang'ana. Kenako bamboyo anaona matikiti athu, n'kufunsa kuti tinafika liti m'dzikomo. Amayi anati iwo atha zaka zisanu ndi ziwiri.

"Aa! Zaka zonsezo, nanga mwalipiriranji mtengo wa alendo? Chiphaso cha kuno mulibe?"

"Ndili nacho, achimwene, koma ine si lokolo."

Bamboyo anaseka mpaka masiki anatsetsereka. "Pawindo la matikiti paja lokolo ndi aliyense wa chiphaso, mayi, ngakhale ine wa pa Dedza. Yalla, fulumirani, bwererani akakusinthireni. Mukawonjezera pang'ono mutenga ya chaka chonse. Koma ngati mwanayu alibe chake, iyeyu yekha ndiye alipira wa alendo."

Tinapatuka pamzere, ndipo amayi anatsegula kathumba kam'kati mwa chikwama, kaja kosunga zinthu zoti zisatayike. Anatulutsa ziphaso ziwiri. Chimodzi chinali chawo, chofwifwa m'mbali. Chinacho chinali chatsopano, ndipo pamenepo panali nkhope yanga, chithunzi chimene anandijambulitsa miyezi iwiri m'mbuyomo n'kundiuza kuti n'cha sukulu.

"Chinabwera Lolemba," anatero, osandiyang'ana.

"Nanga bwanji simunandiuze, amayi?" Linali funso langa loyamba lolunjika kwa iwo chibadwire, ndipo linatuluka mokalipa.

"Nanga iwe unandiuzapo kuti ukufuna kukhala? Ndege ikangodutsa uli pawindo. Ndimati mwanayu wapukwa kwawo, akuwerenga masiku." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Ndinakusiya uli wamng'ono, Takondwa. Azakhali ako ndiwo anakulera. Ndikanayamba bwanji kukukakamiza kuti ukhale ndi ine? Chiphasochi ndinangoti chikhalepo, mwina tsiku lina udzanena wekha."

Ndinavula masiki onyowa aja, lamulo kapena ayi, chifukwa ndinkafuna aone pakamwa panga. "Ndikufuna kukhala ndi inu, amayi. Pawindo paja ndinkaopa kuti ina mwa ndegezo ndi yanga."

Anandikumbatira pomwepo, namwino wathunthu amene kunyumba sankalola kukhudzidwa asanasambe. Tinakhala choncho mpaka mlonda uja anatiitana chapansipansi kuti, "Khalas, zakwana, amayi ndi mwana, valani masiki angandichotse ntchito."

Tinabwerera pawindo la matikiti. Amayi anaika ziphaso ziwiri pagalasi, n'kunena ndi mawu aakulu kuti ndife malokolo, ine manyazi mpaka kumapazi. Anagula matikiti awiri a chaka chonse, a mtundu wotchipa uja. Za chakudya cholipiriratu anakana kwamtuwagalu, ndipo mandasi tinadyera panja pa benchi tisanalowe, awiri tinasungira mlonda. Chikuku cham'mwamba anakwera kamodzi kokha, akuitana Yesu kuyambira poyambira mpaka pothera. Maulendo ena onse chaka chimenecho ankangokhala pamthunzi, atandigwirira botolo la madzi.

Lero ndili ku koleji, ndipo anzanga amandinena kuti ndimafunsa mopanda manyazi. Ndimangowasiya anene. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinaphunzira kuti phula lowawitsa ndi limene umadya pakati pa anthu okukonda, aliyense atatseka pakamwa poopa kulemetsa mnzake. Ulemu umene ndinaleredwa nawo ndi wabwino, sindikuutaya, koma ulemu womwewo unatsala pang'ono kundilanda mayi kachiwiri. Mlonda uja akanangotipima pamphumi n'kutilowetsa, ine ndikanakwera ndege ndikukhulupirira kuti amayi sakundifuna, iwo n'kundiperekeza akukhulupirira kuti ine sindikuwafuna, chiphaso changa chili m'chikwama chawo.