Mwana akatupa mimba, yambani mwafunsa za kuchimbudzi

Lachiwiri lapitali ndinapita pa golosale ya a Che Saidi kukagula mchere. Bambo amenewa takhala nawo pa Tsangano pano kuyambira kale, ndipo miseche saikonda. Atandipatsa mcherewo anandigwira dzanja osalisiya.

“Pepani achimwene, tamva za mdzukulu wanu. Ana a masiku anowa.”

“Mwamva zotani?”

Anayang’ana pansi. “Akuti ndi woyembekezera. Ine ndimayesa mukudziwa.”

Sindinkadziwa. Mtsikanayu ndimakhala naye ndine, makolo ake ali ku Blantyre kuntchito. Ali Folomu 2 ndipo mayeso ayandikira. Dzina lake sinditchula, lazunzika kale mokwanira, ndipo izi ndalemba iye atavomera.

Nditafika kunyumba ndi pomwe ndinamva zonse. Lamulungu, anthu atabwerako kutchalitchi, mwana wanga wamkazi, amene ndi azakhali ake a mtsikanayu, anamuitanira kuseri kwa khitchini pamodzi ndi amayi ena awiri. Anamukweza bulauzi, kumudina pamimba, kumuyang’ana m’maso. Umboni wawo? Siketi ya yunifolomu yasiya kutseka, chakudya akukana, m’mawa akumapinda thupi pamphasa osafuna kupita kusukulu. Anamuuza kuti atchule dzina la mnyamata. Iye anangolira, iwo n’kuti kulirako ndiko kuvomera.

Ndinamuitana mwana wangayo. “Iwe, bwanji sunandiuze?”

“Ababa, izi n’za azimayi. Ife tinabereka, timaona ndi maso.”

“Za azimayi zafika bwanji pa golosale, pamene ine mwini nyumba sizinandipeze?”

Anangokonza chitenje chake.

Lachitatu ndinatsegula sutikesi yanga ya mapepala. Anthu amandiseka nayo, koma muli zonse: khadi lake la kusikelo, malipoti a sukulu kuyambira Sitandade 1, buku lake la kuchipatala. Ndinatenga bukulo, tinanyamuka ndi mdzukulu wangayo kupita kuchipatala. Adokotala, mayi wachitsikana ndithu, anayamba anditulutsa panja, kenako anandiitana mwanayo atalola. Anamuyeza. Pathupi palibe.

Mukudziwa funso lomwe linamasula zonse? “Kuchimbudzi unapita liti?”

Mwanayo sanakumbuke bwinobwino. Sabata yatha mwina. Akapita, zimatuluka zolimba ngati za mbuzi, movutikira. Masiku ena zimatembenuka, amatsegula m’mimba. Mimba imadzaza mpweya, imapota, ikapeza potulukira ululu umachepa. Zakhala zikuchitika miyezi, iye ali chete. Adokotala anati ndi kudzimbidwa, komanso kuti anthu ena matumbo awo sachedwa kukwiya ndi zakudya zina ngakhalenso ndi nkhawa, monga ya mayeso.

Tsopano tiyeni tikambirane, awerengi anzanga.

Amayi atatu akuluakulu anakwanitsa kumufunsa mwana kuti wagona ndi yani. Palibe mmodzi anakwanitsa kumufunsa kuti wadzithandiza liti. Funso loyambalo timaliona ngati mwambo, lachiwirili ngati kutukwana. Kodi chochititsa manyazi n’chiti pamenepa? Mwana akakhala wakhanda timatsegula thewera n’kuyang’anitsitsa, mtundu wake ndi kulimba kwake. Akangokula, nkhani ya kuchimbudzi imasanduka chinsinsi choposa maliro a mfumu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuno phulalo tinamudyetsa mwana.

Nanga mwanayu amadya chiyani? Adokotala atafunsa, ndinamvetsera ngati mlendo. M’mawa amangomwa tiyi. Pa buleki ndi tchipisi cha pachiwaya, kapena mandasi ndi chakumwa cha shuga. Madzi samwa tsiku lonse. Ndinkayesa n’chifukwa cha kuzizira kwathu kuno, koma ayi: chimbudzi cha atsikana kusukulu kwawo chilibe chitseko, ndipo anyamata amakonda kuima chapafupi. Ndiye amadziletsa kumwa kuti asafune kupitako, ndipo thupi likaitana amalikaniza. Madzulo ndi ufa woyera ndi nyemba, mawa kabichi, mkuja nyembanso.

Ufa woyerawo timaunyadira. Timakonola chimanga mpaka chiyere, madeya n’kupatsa nkhumba. Nkhumba zathu sizidzimbidwa. Taganizirani zimenezo.

Malangizo a adokotala ndinawalemba momwe anawanenera, ndipo ndikugawirani. Phala la mgaiwa m’mawa asananyamuke. Madzi m’botolo, azimwa pang’onopang’ono tsiku lonse, ofunda ngati kwazizira. Papaya, nthochi yakupsa, therere, nkhwani, bonongwe. Koma anachenjeza kuti osamuunjikira zonse tsiku limodzi, chifukwa mimba yosazolowera imatupa kuposa kale. Nyemba, kabichi, anyezi wambiri, mkaka ndi zakumwa za gasi zimavutitsa ena, ena ayi. Choncho uzichotsa chimodzi, uone masiku angapo, usamulande mwana ndiwo zonse nthawi imodzi. Tchipisi chikhale cha apo ndi apo. Akamva kuti thupi laitana, apite, asadikire. Anamupatsanso mankhwala ofewetsa a masiku ochepa, n’kunena kuti tikaona magazi, kusanza kapena kuwonda, tibwerere msanga osayamba tafunsa kwa anansi.

Palibe chodula pamenepa. Zambiri zili kudimba kwathu. Chomwe chinasowa ndi munthu wofunsa funso loyenera.

Sindikunena kuti atsikana satenga mimba. Amatenga, ndipo kholo liyenera kukhala maso. Koma ngakhale zikanakhala zoona, kodi kuseri kwa khitchini, pamaso pa anthu adera, ndiye malo ake? Chipatala chilipo, amayeza mwakachetechete. Ife timathamangira kuweruza chifukwa mlandu umakoma kukamba kuposa matenda. Ndi atsikana angati m’midzi yathu ino amene asiya sukulu ndi dzina loipa, chikhalirecho vuto linali madzi ndi chitseko?

Za chitsekocho ndalembera kalata aphunzitsi aakulu, ndipo kope lake ndasunga. Sabata ino ndipitako ndekha ndi matabwa awiri omwe anatsala pomanga khola.

Kunyumba zinthu zayamba kusintha. Loweruka mtsikanayu anadya bwino, siketi ija yatseka. Ndinasangalala, ndinamuuza kuti Lolemba abwerere kusukulu. Anapitiriza kusenda papaya.

“Agogo, mimba yaphwa, inde. Koma akakandiona kuti yaphwa, sakanena kuti ndachotsa?”

Ndakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo pa mkangano uliwonse ndimatulutsa pepala. Apanso pepala ndili nalo, adokotala analemba bwinobwino. Koma ndikalionetse kwa yani? Ndiziyenda nalo khomo ndi khomo, kuwerengera anthu za m’matumbo a mwana kuti amubwezere ulemu umene sanautaye yekha?

Mwanayo wati apita. Wachapa yunifolomu, botolo la madzi waika m’chikwama. Njira yake idutsa pamjigo, idutsa pamsika, pomwe nkhaniyi inayenda pakamwa ndi pakamwa popanda woifunsa kochokera. Inu amene munaimva n’kuipatsira mnzanu, Lolemba m’mawa mwanayu akamadutsa, mudzamuuza chiyani?