Galimoto yokana kukankhidwa

Mwaswera bwanji nonse.

M'mawa uno galimoto imene anatumiza achimwene a ku Joni ija inakana kulira, batire itatha. Timafuna kuthamangira ku chipatala ku Boma ndi amayi, shuga wawo atakwera.

Azimayi othyola tiyi anatula madengu awo n'kubwera kudzatikankha. Anatitsetsereza mpaka pa mlatho, ine phazi likufunafuna kilatchi mwa chizolowezi. Kenako ndinakumbukira kuti ya otomatiki silira pokankha.

Amayi anapita pa njinga yamoto, atagwirira mnyamata wa kabaza m'chiuno. Alandira mankhwala, panopa akugona.

Galimoto ikadali pa mlatho pomwepo, ikunyezimira.

Achimwenewo akuti atumizanso ina yothamanga kuposa iyi. Tiwayankhe bwanji, abale? Ine ndikungofuna yoti ikakana, tizikankha.