Munda wa Sukulu ku Ngokwe

"Alamu, mkamwini sakula mwendo! Mwanayu ndi wa mbumba yanga, inu pano munangobwera ndi chikwama cha zovala!"

Amene anandikalipira choncho ndi achimwene a mkazi wanga, mwini mbumba wa pamudzi pomwe ndinakwatira ku Ngokwe. Linali Lachisanu masana, anthu atangobwera kumzikiti. Tinali pakhonde panga, azichemwali a mkazi wanga atakhala pamkeka, ndipo mwana wanga wachisamba, mtsikana, ataima pakhomo ngati mboni pabwalo. Ine n'kuti nditaimirira kale. Mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinawayankha kuti chikwama chomwecho ndicho chalipira fizi kuyambira Fomu 1, ndipo ngati akufuna mwana woti aziyeserapo nzeru zawo, akabereke wina.

Nkhani yake inali iyi. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zinali zitangotuluka, ndipo mwanayo anakhoza. Masamu ndi Fizikisi anamenya bwino kwambiri, koma Chingerezi anangodutsa pang'onong'ono, wopanda khirediti. Satifiketi atenga, inde, koma kuyunivesite amafuna makhirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Zimenezi ndimazidziwa, nanenso ndinalemba Fomu 4 ku Balaka. Ndiye ndinali nditagamula kale: mwana abwereze chaka chimodzi pa sukulu ya masana ku Balaka, azikhala kwa mlongo wanga, akakonze Chingerezicho, kenako yunivesite pa ngongole ya ophunzira. Pakhoma pomwe ndidzapachike chithunzi cha gauni ndinali nditapaona kale.

Alamuwa ndi munthu wa geni ya nandolo ndi thonje, wamimba yake, kofia yake yoyera sichoka kumutu. Sukulu anailekera ku pulayimale. M'masabata amenewo ndinkamva kuti akungokwera matola kupita ku Balaka, ndipo akabwera amaitana mwana wanga n'kumanong'onezana kuseri kwa khola. Kwathu kuno, mjomba akayamba maulendo otero pa mtsikana womaliza sukulu, timadziwa kuti mwina kwapezeka mnyamata wa ku Joni amene watumiza foni, kapena ntchito ya m'nyumba m'tauni. Choncho iwo atangotsegula pakamwa kuti, "Mwanayu asabwereze," sindinawadikire kuti amalize. Mkangano unayambira pomwepo.

Anatiletsa ndi mkazi wanga. "Bambo ake, khalani pansi, mukuthawitsa nkhuku. Nanunso achimwene, mwangochoka kumene kokapemphera."

Ndinakhala, koma cham'mphepete mwa mpando. Alamu anapukuta thukuta ndi mpango, n'kutembenukira mwana uja. "Iwe, tawauza abambo ako zimene unandiuza ine."

Mwanayo anagwada. "Ababa, ine kubwereza sindikukana chifukwa cha ulesi, iyayi. Ndikufuna ndikaphunzire zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja. Kuika mawaya m'nyumba, masola, mapampu."

Ndinkadziwa kuti amakonda kukhala pa shopu yotchajira mafoni pamsika, ndipo batire ya sola yathu ikavuta ndiye ankaikonza. Ine ndinkati ndi masewera a patchuthi.

"Mtsikana akwere pholo la magetsi?" ndinatero.

"Nanga mango pamudzi pano amatithyolera ndani?" anayankha alamu. "Anyamata onse amaima pansi atatambasula malaya, iyeyu ali kunsonga."

Azichemwali aja anaseka. Ine sindinaseke, koma ndinamvetsera, ndipo zimene ndinamva masana amenewo ndizo zandichititsa kulemba izi.

Maulendo onse aja, munthuyu ankasiya sikelo yake pamsika nthawi imene anzake ankagula nandolo womaliza, n'kupita kukafunsa za sukulu. Anayamba ndi koleji ya zaluso ya amishoni ku Balaka. Tangoganizani, bambo wa kofia ndi mkanjo kulowa pachipata chokhala ndi mtanda, n'kukhala pabenchi kudikira mpaka amuitane. Zolembedwa pabolodi zinali m'Chingerezi, ndiye anagwira mkono wophunzira wina kuti amuwerengere chimodzichimodzi. Anapitanso kokafunsa za uphunzitsi ndi za unamwino, kuti asauze mwana njira imodzi yokha. Mayina a maphunziro ankawapotoza, koleji yeniyeniyo ankangoti "yunivesite ya mawaya", koma mafunso amene anafunsa kumeneko ine sindikadawaganiza. Atsikana amagona kuti? Mpanda ulipo? Wa Chisilamu akamasala Ramadani amamusungira chakudya? Omaliza amapita kuti?

Pa funso lomalizali sanakhutire ndi yankho la muofesi. Atamva kuti mayi wina amene anaphunzira komweko akuika pampu ya sola ku Nkaya, anakwera kabaza mpaka kumeneko, dzuwa la Okutobala lili pamutu, kuti akamuone ndi maso.

"Ndinam'peza, alamu, wallahi. Wavala ovolosi, amuna awiri akumupatsira sipanala ngati ana ake. Madzi atatuluka mupaipi amayi analulutira, ine ndinangovula kofia n'kuivalanso."

Nkaya ndi kwathu kwenikweni, kumene ndinabadwira, pafupi ndi mphambano ya njanji. Pampu imeneyo mlongo wanga wina anandiuzapo pafoni, koma zoti waika ndi munthu wamkazi sanatchule.

Ndinafunsa funso limene ndinkati liwagwetsa. "Nanga fizi? Kuyunivesite kuli ngongole. Kumawaya kwanuko kuli chiyani?"

Anati za basale anakafunsa ku boma ku Machinga, ndipo anamuuza kuti mwana akalembetse, koma osalonjeza kanthu, poti ofuna ndi ambiri. "Basale ili ngati mvula ya ku Balaka," anatero. "Imatha kugwa kwa mnzako, iwe n'kungomva fungo la dothi. Tilembetsa, ikagwa alhamdulillah. Koma sitingakhale manja lende kuyang'ana kumwamba."

Apa m'pamene anatulutsa chimene anaitanira azichemwali ake. Kumunsi kwa mudzi, chakukhwawa, kuli munda umene ankalima malemu apongozi anga aakazi. Chimwalirireni iwo, mundawo unangogonera. Aliyense wa ana awo aakazi ankauponyera diso, ndipo alamu, pokhala mwini mbumba, sanaupereke kwa wina aliyense poopa ndewu. Ife akamwini pa nkhani ya malo sitiyankhula, timangolima pamene atilozera.

"Munda wa amayi uja," anatero, "kuyambira lero ndi munda wa sukulu. Mmene timasonkhera mpunga ikakwana sadaka ya malemu, khomo lililonse mbale yake, momwemonso tizisonkha makasu. Tibzala thonje, m'mizere mwina nandolo. Zotuluka m'menemo palibe wogulira chitenje. Ayamba uyu, akamaliza alowa wina."

Mchemwali wawo wamkulu anakwinya nkhope. "Achimwene, si paja ndinapempha kuti mundawo alimeko mkamwini wanga?"

"Mwana wako wamng'ono ali Fomu 2. Akadzamaliza udzam'lipirira ndi chiyani, ndi mkamwiniyo? Ameneyo ngakhale bafa yake imene inagwa chaka chatha sanaiimike."

Mayiyo anang'ung'udza m'Chiyao zimene sindingalembe pano, komabe anavomera. Ena aja anavomera msanga. Alamu anawonjeza kuti poti thonje limakololedwa mochedwa, teremu yoyamba ayamba ndi mbuzi za m'khola mwawo.

Pamenepo magazi anandikweranso. "Ine sindinafe! Mwana wanga asaphunzire ngati wamasiye."

"Ndani wati mwafa? Wakufa salongolola chonchi. Mbuzi zanga n'za mwana wa mchemwali wangayu, inu mukamugulire nsapato zapantchito zachitsulo kutsogolo ndi mabuku. Ndipo khasu muli nalo."

Ndakhala m'misonkhano ya makolo kusukulu kambirimbiri, ndipo ndine mmodzi mwa olankhula kwambiri. Timakangana za phala, za zimbudzi, za mphunzitsi wobwera mochedwa. Koma za kumene mwana apite akamaliza Fomu 4, ambirife timadziwa mawu amodzi okha, yunivesite, ndipo chitseko chimenecho chikatsekeka timati basi, akwatiwe kapena atsike ku Joni. Munthu amene sanaone mkati mwa kalasi ya sekondale ndi amene anayenda n'kukagogoda zitseko zinazo, osachita manyazi kufunsa, osachitanso manyazi kuuzidwa kuti adikire panja. Ndipo anayamba n'kufunsa mwini wake kuti akufuna chiyani. Ine ndimalalata, iye amalalatanso, pamenepo tikufanana. Kusiyana kwake n'kwakuti iye asanalalate anayamba wayenda.

Sikuti ndinagonja kwathunthu. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mwana wa Masamu otero digiri imamuyenera. Ndinaika mfundo yanga: Chingerezi chija akalembenso ngati wolemba wapadera ali kukoleji komweko, kuti njira ya kuyunivesite isatsekeke. Mwanayo anati zimenezo anaziganiza kale, ndipo anjomba ake anafunsa n'kumva kuti n'zotheka.

"Ndiye mwaona," anatero alamu akudzuka, mawondo akulira. "Zimene ndimafuna kunena poyamba paja n'zomwezi, koma inu munalumpha ngati mwakhalira nyerere."

"Mukadayamba ndi pampu ija, osati ndi chikwama changa."

"Chikwamacho ndanama? Chinali chong'ambika zipi."

Palibe anapepesa mnzake. Anavala nsapato zawo n'kumapita, azichemwali ali pambuyo.

Kutacha ndinanola khasu pamwala, ndinatenga chikwanje, n'kutsikira kukhwawa. Ndinkati ndikhala woyamba, koma ndinawapeza alamu atafika kale, mkanjo ataupachika pachitsamba, akukhoma zikhomo zoyezera mizere. Mwana wanga anali atagwira chingwe mbali inayo.

"Ajimwiche uli, alamu?" anandipatsa moni osadzutsa mutu.

Ndinayang'ana mzere woyamba umene anayeza. "Tadzuka. Koma mzere wanuwu wakhota ngati njira ya woledzera. Madzi akadzabwera adzakokolola zonse."

"Ndiye wongolani ndi Fomu 4 yanuyo."

Ndinazula chikhomo chawo, ndinachisunthira kumtunda mopingasa chitsetse, ndinauza mwana kuti akoke chingwe chilimbe, ndipo ndinayamba kuunda mzere woyamba.