Amayi Osita Malaya a Perete

Ndi sikisi koloko m'mawa, ndipo amayi a chipinda chakumapeto ali kale ndi simbi m'manja, kusita malaya a ana a perete wa Khrisimasi kuno ku Diepsloot, ku Joni. Palibe amene amawatuma kapena kuwathokoza. Amangoti, "Mwana akatuluka ndi malaya okwinyika, manyazi ndi athu tonse."

Amakhala okha. Chaka chatha anathamanga m'mbali mwa perete ndi foni, kujambula ng'oma, mbendera ndi ana a eni, n'kutumizira mwana wawo ku Mulanje. Iye anayankha kuti, "Zokongola, amayi. Nanga inu muli pati? Nkhope yanu ndayamba kuiiwala."

Lero avala chitenje chatsopano. Ng'oma zikuyamba kulira, iwo akugogoda kwa oyandikana nawo.

"Amake Thandizo, foni nayi. Anawo asiyeni adutse. Mundijambule ine, pafupi."