Siponji ya a Zgambo

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa nkhani iyi ndikamaifotokoza anthu amati ndimathira mchere wambiri. Mboni yoyamba ndi mayi anga. Ali moyo ku Dedza, makutu okha ndiwo anapuma pa ntchito. Yachiwiri ndi a NyaJere, akazi awo a mwini nkhani. Yachitatu ndi a Mphande, mkulu wa mpingo. Iwowa anamwalira, koma manda awo alipo, wokayika atha kukawaona.

Ndikakumbukira a Zgambo, ndimamva fungo la palafini losakanikirana ndi la mandasi, likutuluka pakhonde pawo Loweruka m'mawa, tambala akulira pa nkhokwe, a NyaJere akusesa bwalo ndi tsache la mapesi, fumbi lofiira likukwera pang'onopang'ono n'kukatera pa zovala zimene mayi anali atangoyanika.

Bambo anga anali mphunzitsi. Anawatumiza kuchokera ku Dedza kukaphunzitsa pa sukulu ina kum'mwera kwa Mzimba, kufupi ndi Jenda, nthawi ija sukulu zitangokhala zaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo. Nyumba za aphunzitsi zinali zosakwana, ndiye tinkachita lendi kanyumba ka a Zgambo, kuseri kwa nyumba yawo yaikulu. Dera lonselo kunalibe nyumba ina yopanda munthu. Ife ana tinkawaitana asekulu, monga ankachitira adzukulu awo.

Asekulu sankakhulupirira chilichonse chopuma. Ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana m'manja mwako. Nkhuku zawo ankaziwerenga m'mawa, kenako n'kuziwerenganso, poopa kuti amene anawerenga koyambayo wawanamiza. Tsiku lina mvula inagwa m'munda mwawo mokha, chimanga n'kutsitsimuka, iwo anayenda khomo ndi khomo kufunsa amene waituma. Ndikulumbira, ndinawatsatira ndekha.

Chaka china fodya atayenda bwino, anagula njinga yamoto kwa mlangizi wina wopuma ntchito. Koma fumbi la kumeneko nthawi yachilimwe si lamasewera: ukayasamula pa msewu wa ku Jenda, umafika kunyumba utakhuta. Njinga inayamba kutsokomola ndi kufooka pa zitunda. Makanika wa ku Jenda anawauza kuti fyuluta yatha, kasefa kaja kotchinga fumbi kuti lisalowe mu injini, ndipo anawaonetsa mitundu iwiri, ya pepala ndi ya siponji. Asekulu sanagule. Anabwerera kudzaitana bambo anga pakhonde.

"Asambizgi," anatero, poti ndimo amaitanira aphunzitsi kumeneko, "munthu wa ku Jenda uja akuti ya pepala ikada, mbwenu kutaya, kugula ina. Kutaya! Akufuna ndizimuona nkhope kawirikawiri ngati ndinakwatira kwawo?"

"Ya pepala imagwira fumbi bwino, adada, ndipo ilibe chintchito," anayankha bambo. "Ya siponji mumachapa ndi palafini, kuyanika, kuipaka oyilo pang'ono kuti fumbi lizikakamira, n'kubwezera. Imakhalitsa, koma imafuna munthu wosatopa."

"Inuyo mungatenge iti?"

"Ndi fumbi lakunoli, ine ndingatenge ya siponji."

Asekulu anawayang'ana mokayikira. "Mwayankha msanga chomene," anatero.

Anagulabe ya siponji, yachikasu, osati chifukwa chokhulupirira bambo, koma chifukwa makanika uja ankamukayikira koposa. Vuto linatsala pa oyilo. Iwo ankati oyilo wa m'mabotolo wa pamsika ndi wakale, wokhetsedwa m'malole, amangomusefa ndi sokosi. Mafuta okhawo amene ankawadziwa mbiri yake anali otsala mu chiwaya cha a NyaJere, amene ankakazinga mandasi ogulitsa pa sukulu. Amenewo ndi amene ankanyikamo siponji ija, n'kuifinya mwaulemu ngati akukama ng'ombe ya eni.

Njinga inayenda, sindikana. Koma ikatentha, mudzi wonse unkamva njala. Agalu ankaithamangira mpaka ku Jenda, ndipo mayi wina anawaimitsa pa mlatho, ndalama ili m'manja, kufunsa ngati otentha atsalako. Poona kuti anthu ayamba kuizungulira njinga yawo akununkhiza, asekulu anakhomera loko pa kabokosi ka fyuluta pansi pa chishalo, kiyi n'kumangirira m'khosi. Ankatsekula Loweruka lokha, tsiku lochapa.

Loweruka lina anapeza ngodya ya siponji kulibe. Loko ali bwinobwino. Loweruka linzake mbali yonse inali itapita. Anayamba kutiyang'ana cham'mbali tikamapita kuchitsime. Kenako mdzukulu wawo wina, amene anali m'kalasi mwa bambo, ananena mosaganiza kanthu kuti asambizgi ali ndi chofufutira pa bolodi chatsopano, chasiponji, chachikasu. Zinali zoona. Bambo anachidula ku matiresi athu akale, amene ine ndinkagonera. Dzenje lake msana wanga ukulikumbukirabe.

Asekulu anabwera pakhomo pathu atavala jekete.

"Asambizgi, tsopano ndamvetsa chifukwa chimene munandisankhira ya siponji. Mumafuna ine ndizigula, inu muzifufutira masamu."

"Adada, kiyi muli naye ndinu."

"Munthu wophunzira safuna kiyi. Mwezi ukatha, nyumba yanga ndikuifuna."

Apa panalibe choseketsa. Mayi anayamba kukulunga mbale m'manyuzipepala osadziwa kumene tikupita. Bambo anasiya kudya. Mphunzitsi wobwera, kwa eni, kutchedwa wakuba: mbiri yotere imafika ku Boma iwe usanamange nsapato, ndipo ana m'kalasi anali atayamba kale kunong'onezana bambo akanyamula chofufutira. A NyaJere ankabwera mozemba kudzawauza mayi kuti, "Ndapota, amama, musamange katundu, mukuwadziwa amuna angawa." Koma mwezi unkatha ndithu.

Bambo anakapempha a Mphande, mkulu wa mpingo uja, kuti amve nkhaniyi. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, ambiri kuposa amene anali m'tchalitchimo. Chofufutira anachiika pa mbale pakati pa bwalo. Asekulu anabwera akukankha njinga, chifukwa masiku amenewo inali itakaniratu kulira.

"Ine sindiyankhula zambiri," anatero. "Nditsekula pano pamaso panu. Mutenge chofufutira icho, muchiike pamene padulidwa. Chikapanda kukwana, mundidule chala."

Anavula kiyi m'khosi, natsekula loko, nachotsa chivundikiro.

Munali khoswe.

Analowera pa kabowo kolowera mpweya, monga ankachitira masiku onse, koma ulendo uno anadya mopitirira moti potuluka panamuchepera. Anali atakhala pamene panali siponji, wonenepa, wonyezimira, ndevu zili noninoni, akutiyang'ana ngati ife ndi amene talowa mu ofesi mwake osagogoda. Sanathawe. Sakanatha. Mphaka wa a NyaJere anamudumphira, koma khoswe uja ankangopulumuka m'kamwa ngati sopo, mpaka mphaka anakhala pansi n'kuyamba kunyambita mapazi ake. Mayi anga akhoza kuchitira umboni, mukawafunsa mokuwa.

A Mphande anatsokomola. "A Zgambo, tiyesebe chofufutira chija?"

Anthu anagwa nako kuseka. Asekulu sanaseke. Anawerama, namuyang'anitsitsa khoswe uja kumaso.

"Ameneyu si wakuno yayi," anatero. "Makoswe akuno ndimawadziwa. Asambizgi, si inu a ku Dedza mumakonda tinyama iti? Simunabwere naye m'katundu?"

"Ife timadya mbewa za kumunda, adada," anayankha bambo. "Uyu ndi wa pakhomo panu, mwamulera nokha ndi mafuta a amama."

"Mafuta anga!" anakuwa a NyaJere. "Ndiye chiwaya chimauma chifukwa cha inu? Ine kumakalipira ana!"

Mlandu unatembenukira pomwepo, ndipo sunathe tsiku limenelo. Mawa lake asekulu anapita ku Jenda pa njinga yakapalasa n'kukagula fyuluta ya pepala. Makanika uja atawauza kuti imeneyi asaipake chilichonse, iwo anamufunsa kuti akubisa chiyani.

Za nyumba sanazitchulenso. Mwezi utatha anabwera pakhomo pathu, jekete lomwe lija, atakwapatira nkhuku ya thadzi. Anaiika pansi pamaso pa bambo, nayang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula.

"Khola langa lachepa," anatero. "Yewo." N'kutembenuka, ulendo.

Mayi anamasula mbale zija, natenga mpeni. Bambo, munthu amene moyo wake wonse sanakayikirepo munthu, anawagwira dzanja.

"Dikira kaye, mayi a ana. Anena kuti atipatsa, kapena atisungitsa?"

Ine lero ndili ndi njinga yamoto yangayanga. Ndinayesapo fyuluta ya pepala, ndinayesapo ya siponji, zonse zimagwira ntchito, ndipo kabokosi kake ndimakatsekula nditaima patali, ndodo ili m'manja. Koma cholowa chenicheni chili kwa mayi ku Dedza, kumene zidzukulu za thadzi lija zadzaza khola mpaka zina zimagona mu mtengo. Palibe amene anadyako ngakhale dzira. A Zgambo anamwalira asananene ngati nkhuku ija inali yopepesera kapena yongosungitsa, ndipo ife sitikufuna mlandu wina.